Usiku umene ndinagwira ulusi ku Kandy

Mmawa wanga woyamba ku Kandy ndinadzidzimuka cha m'ma 5 koloko, kunja kukadali bii. Kumtunda kwa nyumba ya alendo imene ndinafikira kunkamveka mawu a amuna angapo pa chimkuzamawu, mawu okhuthala, okoka pang'onopang'ono, osakwera osatsika, ngati njuchi mumng'oma. Ng'oma panalibe, m'manja samawomba. Ine kwathu ndikamva kuimba kotere mbandakucha ndimadziwa kuti pamudzi pagwa zovuta, choncho mnyamata atabwera ndi tiyi ndinamufunsa ngati kuli maliro. Anapukusa mutu. Anati imeneyo ndi pirith, mawu a m'malemba a Chibuda amene amonke a pakachisi wa kumtunda amanena tsiku ndi tsiku, ndipo nditati nditsegule wailesi nthawi yomweyo ndiipezanso.

Ku Sri Lanka ndinapitira tiyi. Ndimagwira ntchito m'fakitale ku Mulanje, ndipo anatituma anthu atatu kuti tikaone momwe anzathu amafotetsera ndi kupota masamba, popeza ife timawadula ndi makina pomwe iwo ambiri amapota tsamba lathunthu. Tiyi wawo anayambira kufupi ndi Kandy komweko, pa esiteti ya Loolecondera, pamene James Taylor anabzala munda woyamba mu 1867, ndipo anafala khofi wawo atatha ndi matenda a masamba. Za tiyizo ndinapereka kale lipoti kuntchito. Pano ndikufuna ndifotokoze za usiku umodzi umene sunali pa ndondomeko ya ulendo.

Mnzanga wina wa m'fakitale imene tinkaphunzirako, bambo wa msinkhu wanga, anali atangomaliza nyumba m'mudzi wina kunja kwa tauni, ndipo mkazi wake anali ndi pakati pa miyezi 8. Anati Loweruka amonke adzachezera kunena pirith m'nyumbamo, ndipo ndikakhale nawo. Ndinavomera ndi pakamwa, mtima ukukana. Nditamufunsa kuti mwambowo ndi wa chiyani, anati ndi woteteza nyumba ndi anthu ake, n'kundionetsa kaulusi koyera kamene kanali pamkono pake. M'mutu mwanga munangobwera liwu limodzi: kutsirika.

Liwu limeneli pabanja pathu lili ndi mbiri yowawa. Malemu bambo anga atamanga nyumba ya njerwa, agogo aamuna anabwera usiku ndi sing'anga n'kukwirira zinthu m'ngodya zonse zinayi. Bambo anali mkulu wa mpingo. Kutacha anatenga khasu n'kufukula zonse anthu akuona, ndipo awiriwo sanadyerenso mbale imodzi kwa zaka zambiri. Ndinakulira m'nyumba imene mkuzi wa mwana ankaudula ndi lezala akangoupeza m'chiuno. Kuitanidwa kukagwira ulusi usiku wonse sinali nkhani yaing'ono kwa ine. Komabe akuluakulu amati safunsa anadya phula. Ndinamuuza mnzangayo nkhawa yanga mosabisa, ndipo sanakhumudwe. Anati andipereka m'manja mwa amalume ake, mphunzitsi wopuma amene amadziwa Chingerezi ndi Chipali, chilankhulo cha malemba awo, ndipo ndiwafunse chilichonse.

Aphunzitsiwo anali nkhalamba yowonda, yovala zoyera zokhazokha, yolankhula motsitsa. Anati tisanafike pa funso langa ndiyambe ndaona kumene mawuwo anasungidwa. Lachisanu tinakwera basi ya ku Matale, ulendo wa ola limodzi kulowera kumpoto, kenako kagalimoto ka matayala atatu mpaka ku Aluvihara. Ndi malo a matanthwe akuluakulu otsamirana, pansi pake pali mapanga, ndipo miyala yake inandikumbutsa ya ku Likhubula.

Buddha ankaphunzitsa kumpoto kwa India, ndipo sanasiye cholembedwa. Kwa zaka pafupifupi 400 ziphunzitso zake zinkakhala m'mitu ya amonke. Ankagawana ntchito, gulu ili liloweze chigawo ichi, gulu ilo chigawo icho, ndipo ankanena pamodzi mokweza kuti wina akaphonya liwu anzake amubweze. Apa m'pamene ndinayamba kumvetsa kulira kwa njuchi kuja. Kunena pamodzi mosakwera mosatsika inali nkhokwe yawo yosungiramo mawu. Ndiye m'zaka 100 zomalizira Yesu asanabadwe, m'nthawi ya mfumu Vattagamani Abhaya, pachilumbachi panagwa nkhondo ndi njala yoopsa. Amonke ambiri anafa, ena anathawira ku India, ndipo mabuku akale amanena kuti chigawo china chotchedwa Niddesa chinatsala m'mutu mwa munthu mmodzi yekha. Otsalawo ataona kuti munthu akafa akupita ndi buku lonse kumanda, anasonkhana pa Aluvihara n'kulemba zonse pa masamba a mtengo wonga mgwalangwa.

M'kachipinda kena bambo wina anationetsa kalembedwe kake, ndipo ndikanatha kukhala pamenepo tsiku lonse. Tsamba ndi la mtengo wa talipot. Amalidula likadali lanthete, amaliwiritsa, amaliyanika, kenako amalikhutiza pa mtengo wosalala mpaka lifewe. Bamboyo anagwira tsamba kudzanja lamanzere, kumanja kachitsulo kosongoka ngati zingano yosokera matumba, n'kukatsamiritsa pa chikhadabo cha chala chachikulu chimene anachisema kampata. Analemba mzere wathunthu, ine osaona kalikonse. Kenako anatenga kansanza, anakanyika m'makala osinja osakaniza ndi mafuta a utomoni, n'kupaka tsamba lonse mpaka linada. Atapukuta ndi ufa wa mawere, zilembo zozungulira za Chisinhala, chilankhulo cha anthu ambiri kumeneko, zinatulukira zakuda pa tsamba loyera. Mafutawo ndi amenenso amathamangitsa tizilombo. Masamba akale a pamalopo anawonongeka mu 1848 pamene asilikali a Britain ankathetsa kuukira kwa anthu a ku Matale, ndipo amonke anayambiranso kulemba, tsamba ndi tsamba.

Pobwerera m'basi aphunzitsi anatulutsa kabuku kokutha m'thumba mwawo. Kanali ndi Chipali mbali imodzi, Chingerezi mbali inayo. "Mwana wanga," anatero, "zimene umve mawa zonse zili umu. Ndi maulaliki 29. Palibe liwu lobisika. Tenga, ukawerenge wekha." Ndinakumbukira kuti sing'anga uja kwathu ankang'ung'udza kumbali, ndipo ngakhale agogo amene anamulipira sankadziwa chimene ananena. Kabukuko ndinakalandira ndi manja awiri.

Loweruka tinafika dzuwa likulowa. M'chipinda chochezera anali atamanga kachisakasa ka ngodya 8, nsalu yoyera pamwamba, m'mbali atakongoletsa ndi masamba anthete a kokonati olukidwa ndi mapepala oyera odulidwa maluwa. Pakati panali tebulo, pa tebulopo mtsuko wadothi wodzaza madzi, wovundikiridwa ndi nsalu. Anthu onse anavala zoyera, nsapato anasiya panja, n'kukhala pamphasa. Amayi anali kalikiliki kukhitchini, ana akuthamangathamanga, abambo akuyatsa nyale za mafuta a kokonati. Zinali ngati madzulo a chinkhoswe kwathu, kungoti mowa panalibe ngakhale dontho.

Cha m'ma 9 koloko ng'oma zinamveka kumsewu. Amonke 12 anabwera pamzere, wamkulu patsogolo. Mnzanga anasenza pamutu kachikho kooneka ngati belu, momwe amasungamo zotsalira zopatulika, wina atamugwirira ambulera, ndipo mlamu wake ananyamula buku la masamba lokulungidwa munsalu. Pakhomo anyamata awiri anagwada, wina kutsuka mapazi a mmonke aliyense, wina kupukuta. Atalowa m'kachisakasa, mmonke wamkulu anatsogolera anthu onse kulonjeza malamulo asanu: osapha, osaba, osachita chigololo, osanama, osaledzera. Aphunzitsi anandinong'oneza kuti popanda zimenezi zotsatirazo ndi phokoso chabe. Kenako mwini nyumba anapereka mbale ya masamba otafuna otchedwa betel, ndipo anthu ananena pempho la Chipali loyamba ndi mawu akuti vipatti patibahaya, lomwe tanthauzo lake ndi lakuti: kuti tsoka lipatuke, kuti zabwino zitheke, kuti mavuto, mantha ndi matenda zithe, tinenereni mawu oteteza. Liwu lakuti paritta m'Chipali ndiye chitetezo, ndipo pirith ndi katchulidwe kake ka Chisinhala.

Apa ulusi unatuluka. Unali wa nkhosi zitatu, ndipo mtima wanga unathamangira kwa Mlaliki uja wonena za chingwe chosaduka msanga. Anauzunguliza pa kachikho, pa buku ndi pa mtsuko, unadutsa m'manja mwa amonke, kenako unatuluka kwa ife, kuchoka dzanja ili kupita dzanja ilo. Gogo wina wamkazi wa pambali panga anangouika m'manja mwanga osafunsa kuti ndine wa mpingo wanji. Kumanja kwanga kunali kamnyamata ka zaka ngati 6 katatambasula kale kadzanja, kakudikira kuti ndikapatsire. Ndinaugwira, ndinapatsira.

Amonke onse 12 anayamba pamodzi. Mawu amene pa chimkuzamawu ankamveka ngati njuchi, pafupi ankanjenjemeretsa pachifuwa. Ndinatsegula kabuku kaja, aphunzitsi akundilozera ndi chala pamene afika.

Choyamba chinali ulaliki wotchedwa Mangala Sutta. Ndinkayembekezera maina a mizimu, kapena mawu opanda mutu. Nkhani yake ndi yakuti anthu ankatsutsana kuti mwayi umabwera ndi chiyani, ena amati ndi chimene waona m'mawa, ena chimene wamva, monga ife timatsutsirana za kadzidzi wolira padenga. Funsolo linafika kwa Buddha ku Jetavana, pafupi ndi mzinda wa Savatthi. Yankho lake lili ndi zinthu 38, ndipo palibe ngakhale chimodzi chokhudza malodza. Kusayenda ndi zitsiru, kuyenda ndi anzeru, kulemekeza oyenera ulemu. Kudziwa ntchito ya manja. Kusamala mayi ndi bambo, kusunga mkazi ndi ana, kuthandiza abale. Kupewa zoledzeretsa, kudzichepetsa, kukhutira, kuthokoza, kupirira, kumvera ukadzudzulidwa. Mzere wa mayi ndi bambo ndinauwerenga kawiri. Bambo anga aja amene anafukula zithumwa ndi khasu akanatha kuimirira pa gome Lamulungu n'kulalikira mawu amenewa osachotsapo kanthu. Anthu apempha chitetezo cha nyumba yatsopano, ndipo chimene alandira poyamba ndi malangizo a momwe angakhalire m'nyumbamo.

Chachiwiri, Ratana Sutta, chinandigwira mtima mwa njira ina. Mabuku ofotokozera amati mzinda wa Vesali unagwidwa ndi zoopsa zitatu motsatizana. Inayamba ndi njala, osauka anafa, mitembo inachuluka osaikidwa, mizimu yoipa inalowa, kenako mliri. Akuluakulu a mzindawo anatumiza uthenga kwa Buddha ku Rajagaha. Atawoloka mtsinje wa Ganges kunagwa chimvula chimene chinatsuka mzinda, ndipo iye anaphunzitsa wophunzira wake Ananda mawuwa kuti azungulire mzinda usiku wonse akuwanena, akuwaza madzi ochokera m'mbale ya Buddha. Mtsuko uja pa tebulo unachokera pamenepa. Aphunzitsi akundifotokozera, ine maganizo anali ku Mulanje mu March 2023. Kolera inali isanathe, namondwe wa Freddy anagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'mapiri, minda inapita, njala inatsatira. Ndinakumba nawo pofunafuna anthu. Ndikudziwa momwe mudzi umakhalira zoopsa zikabwera zitagwirana manja, ndipo ndikudziwa kuti usiku wotero anthu amafuna wina ayende pakati pawo akunena kanthu mokweza. Kwathu anali amayi a Mvano, ankaimba m'makalasi momwe anthu anathawira.

Chimene Ananda ankanena si kulamula mizimu kapena kuitemberera. Ndime zoyamba zimapempha zolengedwa zonse, za pansi ndi za mumlengalenga, kuti zikhale ndi mtima wabwino kwa anthu. Ndime zotsatira zimatchula khalidwe limodzi la Buddha, kapena la chiphunzitso chake, kapena la gulu la ophunzira ake, ndipo zimathera pa mawu amodzimodzi: etena saccena suvatthi hotu, ndi choonadi chimenechi pakhale mtendere. Mawu amenewa anabwerezedwa mpaka nane ndinawaloweza. Ana a pamphasa ankawanena osayang'ana m'buku, popeza amawaphunzira ku sukulu ya Lamulungu ya kukachisi, monga anzathu Achisilamu amalowezera Chiarabu ku madrasa.

Chachitatu chinali Karaniya Metta Sutta, chachifupi, cha ndime 10. Amonke ena anapita kukasinkhasinkha m'nkhalango, mizimu ya m'mitengo inawaopseza, anathawa. Buddha anawabweza komweko, chida chawo chili mawu ofunira zabwino zamoyo zonse, zazitali ndi zazifupi, zooneka ndi zosaoneka, zobadwa kale ndi zimene zikudikira kubadwa. Monga mayi amatetezera mwana wake mmodzi yekhayo ndi moyo wake, munthu atero kwa zonse. Atafika pamenepa ndinaona mkazi wa mnzanga, atatsamira khoma pa mtsamiro, dzanja lina pa ulusi, lina pamimba.

Zitatuzi zitatha amonke ambiri anakapuma, anatsala awiri, ndipo ankasinthana awiriawiri kuti mawu asaduke mpaka kucha. Ana anayamba kugwa ndi tulo, amayi akuwafunditsa pomwepo. Amonke sadya chakudya dzuwa likapendeka, choncho ankangowapatsa chakumwa chotentha cha njere za coriander ndi jinja, ndipo ife tinamwa chomwecho. Ine ndi aphunzitsi tinatuluka pakhonde. Kunkazizira ngati ku Thyolo mwezi wa June.

"Aphunzitsi," ndinafunsa, "mundikhululukire. Kodi zimenezi zimagwiradi ntchito?"

Sanayankhe msanga. Anatenga kabuku kaja n'kutsegula pa ulaliki wina wotchula mapindu 11. Munthu amagona bwino, amadzuka bwino, salota zoopsa. Amakondedwa ndi anthu ndi zosakhala anthu, milungu imamuteteza. Moto, poizoni ndi chida sizimugwira. Maganizo ake amakhazikika msanga, nkhope yake imawala, amafa osasokonezeka mutu, ndipo akapanda kufika pamwamba penipeni amakabadwa kudziko lakumwamba la Brahma. Ndinati mzere wa moto, poizoni ndi chida ndi womwewo umene amalonjeza okhwimitsa anthu kwathu. Anandiuza kuti ndibwerere pamwamba pa tsamba ndiwerenge kuti mapinduwa ndi a yani. Lembalo silinena kuti ndi a munthu amene wanena mawu. Likunena za munthu amene mtima wofunira ena zabwino wauzolowera, waukulitsa, wausandutsa ngolo yake ndi maziko ake. Kunena mawuwo ndi njira yophunzitsira mtima, tsiku ndi tsiku, mpaka uzolowere.

Anandionetsanso Khandha Paritta, imene anthu a kumidzi amaikonda. Mmonke wina analumidwa ndi njoka n'kufa, ndipo Buddha anati akanakhala kuti ankafunira zabwino mafuko anayi a njoka sakanalumidwa. Mawu ake ndi a munthu amene akuuza zopanda miyendo, za miyendo iwiri, inayi ndi yambirimbiri kuti sakuzifunira choipa, nazonso zisamupweteke. Ine amene ndanyamulapo wothyola tiyi wolumidwa ndi mphiri ndinafunsa kuti nanga ikakuluma. Anati ukatero thamangira kuchipatala, ndipo palibe mmonke wanzeru amene angakuuze zina.

Kenako anandiuza za mfumu Milinda, Mgiriki amene ankalamulira kumpoto chakumadzulo kwa India zaka zoposa 100 Yesu asanabadwe. M'buku la mafunso ake, mfumuyi inapanikiza mmonke Nagasena ndi funso langa lomweli: ngati Buddha anati imfa siithawika, paritta ndi ya chiyani? Nagasena anayankha kuti paritta imathandiza munthu amene masiku ake akadalipo. Amene masiku ake atha ali ngati mtengo wouma, ngakhale uuthirire mitsuko 1,000 sungaphuke. Anatinso pali zinthu zitatu zimene zimailepheretsa: zochita zoipa zolemera za munthuyo, zodetsa za mumtima mwake, ndi kusakhulupirira. Aphunzitsi atanena za mtengo wouma anakhala chete kanthawi. Kenako anati akazi awo anadwala khansa zaka ziwiri. Amonke ankabwera kudzanena Bojjhanga, maulaliki amene malemba amati anadzutsa ophunzira a Buddha, Maha Kassapa ndi Moggallana, pa mphasa ya matenda, ndipo Buddha mwini atadwala anapempha mmonke Cunda kuti amunenere. "Sanachire, mwana wanga. Koma usiku umene amonke abwera ankagona osabuula, ndipo tsiku lomaliza ankadziwa aliyense wa ife ndi dzina." Anabwezera chala pa mzere uja wa kufa osasokonezeka mutu. Sindinafunsenso.

Ndisaname kuti aliyense m'dzikomo amazimva monga aphunzitsi. Anthu pafupifupi 70 mwa 100 alionse kumeneko ndi Abuda, ndipo pakati pawo pali mitima yosiyanasiyana. Ndinaona ulusi womwewu utamangidwa pa magalasi a galimoto, ndinauona utaunjikana pamikono ya anthu a ndale m'zithunzi za m'misewu. Gogo uja wa pambali panga, nditamufunsa kudzera mwa mdzukulu wake, ananena mosapita m'mbali kuti ulusi umathamangitsa ziwanda, basi. Aphunzitsi sanakane. Anati mu Brahmajala Sutta Buddha anatchula kuombeza, kumasulira malodza ndi kulodza kuti ndi njira zonyozeka zopezera chakudya kwa mmonke, komabe anthu ndi anthu, amafuna kanthu kogwira m'manja. Zimenezi zimandipweteka kwathu komwe, ndikaona mayi wosauka akugula kabotolo ka madzi kapena mafuta odzozedwa ndi ndalama ya ufa, pomwe buku limene amakhulupirira likuti munalandira kwaulere. Ku Kandy usiku umenewo palibe anagulitsa kanthu, ndipo chimenecho ndinachilemekeza.

Cha m'ma 3 koloko anandiitana kuti ndilowe. Banja linali litapempha kuti anenere mayi woyembekezerayo Angulimala Paritta. Ndi mzere umodzi wokha, koma nkhani yake ndi imene ndakhala ndikuifotokozera aliyense chibwerereni. Angulimala anali chigawenga chimene chinkapha anthu m'njira n'kuvala zala zawo m'khosi ngati mkanda. Atakumana ndi Buddha anasiya, n'kukhala mmonke. Tsiku lina akupempha chakudya ku Savatthi anaona mayi amene matenda anamuvuta, mwana osatuluka, ndipo chifundo chinamugwira. Buddha anamuuza kuti abwerere akanene kuti: mlongo wanga, chibadwire changa sindikumbukira kuti ndinaphapo chamoyo mwadala, ndi choonadi chimenechi ukhale bwino iwe ndi mwana wako. Angulimala anakana. Anati limenelo likhala bodza lamkunkhuniza, popeza wapha anthu ambiri. Apo Buddha anakonza mawuwo: chibadwire changa m'kubadwa kopatulika. Anapita, ananena, mayi ndi mwana anapulumuka.

Taganizani, mphunzitsi wake yemwe wamupatsa mawu, mayi ali pakati pa moyo ndi imfa, iye n'kuima kaye chifukwa liwu limodzi silinali loona. Chithumwa sichifunsa ngati mwini wake ndi wabodza, chimangofuna kuti usunge zizimba. Apa mphamvu yonse aiika pa kuona mtima kwa wonenayo. Amonke awiri aja anabwereza mzerewo kambirimbiri pamwamba pa kapu ya madzi, mkazi wa mnzanga atagwada movutikira, apongozi ake atamugwira paphewa. Ine ndinaweramitsa mutu n'kumupempherera m'Chichewa, kwa Mulungu amene ndimamudziwa.

Kutatsala pang'ono kucha mawu anasintha. Ananena Atanatiya Sutta, imene malemba amati inaperekedwa ndi Vessavana, mfumu ya mizimu yotchedwa yakkha, kuti iteteze ophunzira a Buddha kwa mizimu ina yosamvera. Iyi amainena mokweza ndi mwaukali, ndipo ana ena anadzuka ndi mantha. Gawo limeneli silinandikhale bwino mumtima, ndipo ndinausiya ulusi mpaka linatha. Atambala akulira amonke onse anabwerera m'kachisakasa, anabwereza zitatu zoyamba zija, anthu anayankha katatu kuti sadhu, liwu lovomereza longa ameni. Mtsuko anauvundukula. Aliyense analandira madzi pang'ono m'chikhatho, kumwa, otsala kupaka kumaso ndi kumutu, ndipo mnzanga anazungulira nyumba yake akuwaza m'zipinda. Ulusi anaudula tizidutswa, anthu anafola, mmonke wamkulu akumanga pamkono pa aliyense.

Ndinaima pamzere ndisanadziwe chimene ndichite. Nditafika kutsogolo aphunzitsi analankhula naye m'Chisinhala mawu ochepa. Mmonkeyo, munthu wokalamba wa magalasi okhuthala, anandiyang'ana, sanandigwire mkono. Anapinda kaulusiko n'kukaika m'chikhatho changa, ndipo m'Chingerezi chapang'onopang'ono anafunsa ngati makolo anga ali moyo. Ndinati mayi okha. Anati akhale bwino, akhale opanda mantha, ndipo ine ndiwasamale. Kenako anaitana wotsatira. Mmawa umenewo tinadya mpunga wophika ndi mkaka wa kokonati, wodulidwa mabanzi, ndi tsabola wosinja ndi anyezi, amonke atayamba adya.

Kaulusiko sindinakavale. Kali m'kabuku kaja, chifukwa aphunzitsi anakana kuti ndikabweze, ndipo kali pa tsamba la Angulimala. Nditafika kwathu ndinawafotokozera mayi zonse, osabisa za ulusi. Anamvetsera mpaka kumapeto osandidula. Pa nkhani ya chigawenga chokana kunama anandiuza kuti ndibwereze.

Patatha milungu itatu uthenga unalowa pa WhatsApp usiku. Mkazi wa mnzanga anachira, koma movutikira. Mwana anakhala mopingasa, ndipo madokotala a ku Kandy anachita opaleshoni. Pa chithunzi mayiyo anagona wotopa, botolo la madzi likulendewera pambali, ulusi uli pamkono womwewo umene anabayapo jakisoni. Mmawa ndinapita ndi foni kwa mayi, ndinawapeza akusesa pabwalo.

"Amayi, mlamu wanga wa ku Sri Lanka uja wachira."

Anasiya tsache. "Zikomo Ambuye. Mphatso yanji?"

"Wamkazi."

Anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali, foni ataiyandikitsa kumaso. Kenako anafunsa ngati kumeneko amabereka ana kumbuyo. Ndinati ndinkaona ambiri atawanyamula m'manja. Anati zilibe kanthu, afunditse. Tsiku la msika anapita okha pa Chitakale kukasankha chitenje, cha maluwa obiriwira ngati munda wa tiyi, ndipo anandiuza kuti ndisachitumize chisanachapidwe, wowuma wa m'sitolo angamukande mwana.